Otsala pa benchi nthawi ya Ukaristia

Pa Misa ya m'mawa ku parishi yathu, nthawi yolandira Ukaristia ikakwana, tchalitchi chimagawika pawiri. Agogo, ana a ulimbitso, amayi a Anna Woyera ndi a Legio amaimirira n'kulowa pamzere. Pa mabenchi pamatsala anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40, ovala bwino, ana ali pamiyendo, akupinda mawondo kuti anzawo adutse. Nyimbo amaimba nawo. Mtulo amapereka. Sipika ikafa, amene amaikonza ndi mmodzi wa iwo. Koma salandira. Pakati pawo pali mwana wa mlongo wanga, ndipo chino n'chaka chake chachisanu ndi chiwiri ali pa benchi limenelo.

Ndayambira pa benchi chifukwa masiku ano tikamakamba za kusunga chikhulupiriro cha Katolika m'dziko losinthali, maso athu amathamangira kutsidya kwa nyanja. Pa 18 Disembala 2023 ofesi ya ku Vatican yoona za chiphunzitso inatulutsa chikalata cha Fiducia Supplicans, chonena kuti wansembe angathe kudalitsa anthu awiri okhala m'ubale umene Mpingo suuvomereza, ngakhale amuna kapena akazi okhaokha, bola dalitsolo lisaoneke ngati ukwati. Sabata isanathe maepiskopi a Zambia anati zimenezo sizichitika kuno, a ku Malawi nawonso anatero, ndipo mu Januwale 2024 Kadinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa anayankhula mawu omwewo m'malo mwa maepiskopi a mu Africa. Ine ndinagwirizana nawo ndipo ndikugwirizana nawobe. Ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo abusa athu anachita bwino kuteteza nkhosa ku chisokonezo.

Koma takumbukani phokoso la masiku amenewo. M'magulu a WhatsApp, m'maminibasi a ku Matero ndi ku Chawama, ngakhale pa maliro, aliyense anasanduka mlonda wa chiphunzitso. Anthu amene sanagwade m'kachipinda kolapira kwa zaka khumi anali patsogolo kudzudzula Papa. Nkhondo imeneyo inatikomera chifukwa sinatidyere ngakhale ngwee imodzi. Inali ya anthu ena, a kutali. Chonsecho chikalata chomwecho chinkanenanso za mabanja wamba osamangitsa ukwati, omwe ndi ana athu enieni otsala pa mabenchi aja, ndipo mbali imeneyo sindinamve munthu akuitchula.

Nkhani ya mwana wa mlongo wanga ili motere. Mnyamata atabwera kudzafunsira, ine monga malume ndinali mwini nkhani. Tinakhala pabalaza kwanga ku Chilenje, ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo, ndipo ndi pakamwa pangapa ndinatchula ng'ombe zisanu, iliyonse yowerengedwa m'ndalama. Ndinawerengera sukulu yonse ya mwanayo, kuyambira giredi 1 mpaka kukoleji, ngati kuti tinkamuphunzitsa kuti adzatibwezere. Achibale anandiyamikira kuti ndaimirira banja. Mnyamatayo ndi dalaivala. Anapereka zimene anali nazo, zotsala tinati azibweretsa pang'onopang'ono, ndipo tinamangirira kuti za kutchalitchi zidikire kufikira atamaliza. Chaka chisanathe awiriwa anali atalowana m'nyumba ya lendi, ife tikuona, ndipo palibe amene anatsegula pakamwa. Pano ana ndi atatu.

Chimene chimandiluma mumtima n'choti ng'ombezo si za kwathu n'komwe. Ndife Achewa a ku Katete, anthu a Kalonga Gawa Undi. Pa ukwati wa ambuya anga panapita nkhuku ndi khasu, mkamwini n'kubwera kudzamanga nyumba m'mudzi wa mkazi ndi kulima munda wa apongozi. Ng'ombe za malowolo zinali za Angoni a kwa Mpezeni ndi mitundu ina, ndipo ngakhale kumeneko zinali zomangira mabanja awiri, sizinali mtengo wa munthu. Mu Lusaka taponya miyambo ya mitundu yonse mumphika umodzi n'kutolamo yodula yokhayokha. Malowolo tatenga uku, chilanga mulilo ndi matebeto tatenga kwa Abemba, diresi loyera ndi keke kwa Azungu, kitchen party pakati, kenako wojambula zithunzi za pa Facebook, anyamata ndi atsikana ovina amene amaphunzira masitepe miyezi iwiri, holo ya lendi, ndi mdipiti wa magalimoto oliza mahutala mu Great East Road. Zonsezi tazipatsa dzina loti mwambo. A JCTR, bungwe la Ajezuiti, mwezi ndi mwezi amawerengetsa ndalama zimene banja la mu Lusaka likufunika kuti lidye, lilipire lendi ndi kugula makala. Mnyamata amene malipiro ake safika ngakhale pamenepo, ukwati wa mtundu uwu aupeza liti?

Apa ndi pamene chikhalidwe chatsopano chatilowera, pakhomo la kutsogolo, ife tikulondera kuseri. Chikhalidwe chake n'choti chinthu chimene anthu sanachione ndiye kuti sichinachitike, ndipo ulemu wa banja umayezedwa ndi ndalama zimene zamwazika tsiku limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndaona maukwati a mahema oyera akutha ngongole ya keke isanathe.

Mpingo sunapemphe chilichonse mwa zimenezi. Malamulo a Mpingo a mu 1983, pa nambala 1108, amafuna wansembe kapena dikoni ndi mboni ziwiri. Kuphatikiza akwatiwo, ndi anthu asanu. Ansembe amafunsa ngati mabanja agwirizana, ndipo n'koyenera kutero, koma kugwirizana kwa mabanja si kutha kwa ngongole. Nambala 848 imachenjezanso ansembe kuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi. Papa Francis, yemwe uja tinkamukalipira m'maminibasi, analemba m'kalata yake yonena za banja ya Amoris Laetitia mu 2016 kuti okonzekera ukwati amathera mphamvu ndi ndalama pa makadi, zovala ndi phwando mpaka kufika paguwa ali otopa, ndipo anawapempha kuti alimbe mtima kuchita mosiyana ndi anzawo. Ndiye kuti amene anatseka njira ya ku Ukaristia kwa mwana wa mlongo wanga si Roma, si Azungu, si TikTok. Ndi ine malume wake, Mkatolika wa korona m'thumba.

Mwanayo anandifunsapo tsiku lina tikutuluka m'Misa. "Amalume, Mulungu akuona mmene tikukhalira. Sitimenyana, ana tikulera, pa mphakati sitijomba. Bwanji Mpingo osangotilola kulandira?" Funso limeneli ndalimvanso kwa anthu ophunzira kwambiri, onena kuti Mpingo ufewetse malamulo, uyende ndi nthawi, usiye kulowerera za m'chipinda. Si funso lopusa, ndipo amene amafunsa ambiri ndi anthu abwino kuposa ena a ife amene timaima pamzere.

Komabe ndikukana. Mu mzinda muno Mpingo ndiwo watsala wokha kunena kuti ukwati si chinthu cha awiri okha chimene angachiyambe ndi kuchisiya mwakachetechete, komanso si malonda a amalume. Ndi lonjezo la pamaso pa Mulungu ndi pa anthu, loti mpaka imfa. Ukaristia nawonso si nsima ya pamaliro yoti aliyense wodutsa asambe m'manja. Paulo Woyera anauza Akorinto kuti munthu ayambe wadziyesa asanadye mkatewo, ndipo Mpingo wasunga mawu amenewo zaka zonsezi. Mpingo ukanangoti bwerani nonse, zilibe kanthu, ine bwenzi ndikugona tulo tabwino mpaka lero, ng'ombe zanga ndikuziyembekezabe. Chimene chinandidzutsa ndi benchi lija, kumuona mwana amene ndinamunyamula pa ubatizo akupinda mawondo kuti ine ndidutse.

Palinso china chimene ofuna kufewetsa saganizira. Banja losamangika likagwa, amene amaphwanyika ndi mkazi. Lamulo la dziko la mu 1989 logawa chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo limapereka magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira womwalirayo. Lamulolo lilipo, koma pitani pa nyumba ya maliro mukamve mawu oyamba a achibale a mwamuna akaona firiji ndi TV: "Uyu sitimudziwa, paja malowolo sanathe." Mayi wamasiye amayamba ndi kutsimikizira anthu kuti anali mkazi wa munthu, misozi isanaume. Pamene Mpingo ukuumirira kuti lonjezo linenedwe poyera, mboni zilipo, n'kulembedwa m'buku, ukuteteza mayi ameneyu.

Apa pakuonekanso kuti kusunga chikhulupiriro cha makolo athu m'Mpingo si kulirira chilichonse chakale. Chikhulupiriro chomwechi chinatsutsa kulanda chuma cha amasiye, chinatsutsa kukakamiza mkazi woferedwa kugona ndi m'bale wa mwamuna wake ati pochotsa imfa, ndipo chinatero pamene zimenezo zinkatchedwa mwambo. Chimaweruza zakale ndi zatsopano ndi muyezo umodzi. Amene amachikonda pokhapokha chikamadzudzula ana a masiku ano, koma n'kukwiya chikakhudza ng'ombe zake, sanachigwire bwino.

Ndinene za ife a m'maparishi, pakuti mlandu tili nawo. Kusunga chiphunzitso sikulira nkhope yokwinya. Ndaona mayi akubwezedwa pa ofesi ya parishi chifukwa khadi lake la mtulo linali ndi mipata, asanafunsidwe n'komwe chimene wadzera. Ndaona otsala pa benchi akukumbukiridwa nthawi ya zopereka za chitukuko zokha. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa kuphatikizapo Zambia, pa misonkhano yawo ya mu 1973 ndi 1976, anaika miphakati patsogolo pa ntchito zonse kuti Mpingo ufike pakhomo pa munthu, akhristu adziwane mayina ndi mavuto. Lero miphakati yambiri yasanduka malo owerengera ndalama za chitenje cha parishi ndi kugawana ntchito yosesa. M'mphakati wathu aliyense ankadziwa chifukwa chimene mwana wa mlongo wanga salandirira. Zaka zisanu ndi ziwiri, palibe ngakhale mmodzi amene anagogoda pakhomo panga kuti, a Phiri, tiyeni tikambirane za ng'ombe zija. Tinkaopana. Tinkati za m'banja la eni sitilowerera, ngati kuti ubatizo sunatipange abale.

Ndipo munthu wanjala sakhala pa benchi mpaka kalekale. Lachisanu usiku ena a iwo amakhala ali m'matenti ndi m'makalasi a sukulu obwereka, kumene mneneri sawafunsa za ukwati, za kulapa, kapena za kubweza chimene anatenga. Mu Lusaka mawu akuti Papa tsopano ali ndi eni awiri, ndipo wachiwiriyo, mneneri amene omutsatira amamutcha Papa, amagulitsa mafuta odzozera, madzi a m'botolo ndi zomata pagalimoto, n'kuuza munthu kuti abzale mbewu ya ndalama kuti ntchito, viza kapena mwamuna zituluke. Sindikunena abale athu onse a mipingo ya Pentekoste. Ambiri ndi anthu opemphera moona ndipo Baibulo amaliwerenga kutiposa. Ndikunena malonda amene asandutsa Mulungu kukhala wantchito wa zofuna zathu. Chiphunzitso chake n'chosavuta: vuto lako lililonse lili ndi mwini, ndipo mwiniyo ndi azakhali a kumudzi kapena agogo okalamba amene anamanga tsogolo lako. Wolakwa sukhala iwe. N'chifukwa chake kachipinda kolapira kali pululu Loweruka madzulo, pamene mizere ya kumasulidwa ikufika kumsewu. Lamulo loti Mkatolika alape kamodzi pachaka ndi kulandira pa nyengo ya Pasaka linaikidwa mu 1215, ndipo silinafafanizidwe.

Ludzu la machiritso si lachilendo kwa ife. Achikulire a mu mzinda muno akukumbuka makamu amene ankatsatira Ambuye Emmanuel Milingo, mwana wa kwathu kum'mawa, amene anali arkiepiskopi wa Lusaka kuyambira 1969 mpaka 1983. Anthu ankamukonda, ndipo ambiri amachitira umboni kuti anathandizidwa. Koma tikudziwanso kumene njirayo inakathera: ukwati wake wa ku New York mu 2001 womangidwa ndi Sun Myung Moon, mtsogoleri wa mpingo wa Unification Church, ndi kuchotsedwa mu Mpingo mu 2006 atadzoza maepiskopi popanda chilolezo cha Papa. Ndimaikumbuka nkhaniyi ndi chisoni, osati monyoza. Inandiphunzitsa kuti mphatso ikasiyana ndi kumvera imasochera, ngakhale ikhale ya munthu wamkulu chotani.

Munthu amene ndikanakonda kuti ana athu amudziwe ndi Benedict Daswa wa ku Limpopo, ku South Africa. Anali mphunzitsi wamkulu pasukulu, katekisiti, bambo wa ana asanu ndi atatu. Mphezi zitaotcha nyumba m'mudzi mwawo, akuluakulu anagamula kuti aliyense asonkhe ndalama zokalipira sing'anga woti aloze mfiti. Iye anakana. Anati mphezi ndi chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kupereka ndalama zoti munthu wosalakwa akaphedwere. Pa 2 Febuluwale 1990 anamutchingira njira n'kumupha. Mpingo unamutcha Wodala pa 13 Seputembala 2015. Sanafere nkhani ya kutsidya kwa nyanja. Anafera ndalama yochepa ya msonkhansonkha wa m'mudzi mwake, pamaso pa anthu amene ankadya nawo. Ife timalephera kukana ngakhale msonkhansonkha wa komiti ya ukwati.

Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko. Maepiskopi athu sanathamangire kuomba m'manja. Nkhawa yawo inali yoti Chikhristu cha dziko chimaoneka m'zochita, makamaka mmene likusamalira osauka, osati m'chilengezo. Ambiri anawaona ngati otsutsa Mulungu. Patha zaka zoposa 30, ndipo ndikuona kuti nkhawa ija ikukhudzanso Mkatolika aliyense payekha. Chilengezo tili nacho: chitenje cha nkhope ya Papa, korona pa galasi la galimoto, phulusa pamphumi Lachitatu la Phulusa mpaka ku ofesi. Kadinala Medardo Mazombwe, amene anatumikira ku Chipata zaka zambiri asanabwere ku Lusaka mu 1996, anathera mawu ake pa ngongole za dziko zimene zinkamana ana mankhwala ndi sukulu, kupempha maiko olemera kuti azikhululuke. Tinamuyamikira tonse. Sindinaganizepo nthawi imeneyo kuti tsiku lina ndidzakhala ine wokongoza wokana kukhululuka, m'nyumba mwanga momwe.

Pali achinyamata ena, owerenga kwambiri, amene apeza Misa ya Chilatini pa YouTube ndipo akuti mankhwala ndi amenewo: tibwerere kumene tinali Msonkhano wa Vatican Wachiwiri wa 1962 mpaka 1965 usanachitike, tisiye ng'oma ndi ma Stella ovina. Ndimalemekeza njala yawo ya ulemu ndi bata pamaso pa Mulungu, ndipo n'zoona kuti Misa zathu zina zachuluka zolengeza ndi mipikisano ya makwaya. Koma ng'oma si imene yatichotsa pamzere. Papa Paulo VI ali ku Kampala mu 1969 anatiuza kuti tingathe, ndipo tiyenera, kukhala ndi Chikhristu cha Chiafirika. Chimene ambuya anga anali nacho, chimene ife tataya, si chiyankhulo. Iwo Chilatini sankachimva. M'masiku awo wofuna kulandira ankasala kuyambira pakati pa usiku, osalawa ngakhale madzi, ndipo wansembe wa White Fathers ankafika kudera kwawo patapita miyezi. Akamva kuti bambo abwera, ankanyamuka kusanache, mwana kumbuyo, m'mimba muli zii, kuyenda mtunda wa maola angapo kuti akalape ndi kulandira. Kwa iwo kukhala chaka osalandira kunali ngati maliro. Lero kusala ndi kwa ola limodzi, tchalitchi chili pa mtunda wa basi imodzi, Misa zilipo zitatu Lamulungu lililonse, ndipo ine mdzukulu wawo ndinaona kuti n'zabwinobwino kuti mwana adikire ng'ombe.

Mu Lenti wa chaka chino ndinakalapa tchimo limeneli ndi dzina lake. Bambo mfumu sanandipatse korona yokha. Anandifunsa kuti ndikonza bwanji. Sabata yotsatira ndinatenga nkhoswe wathu n'kupita kwa makolo a mkamwini ku Chawama. Tinakhala pansi, tinapatsana moni wa apongozi, ndipo ndinawauza kuti ng'ombe ziwiri zotsalazo zafa, sitidzazitchulanso, chimene tikupempha n'choti ana akamangitse ukwati. Bambo a mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaomba m'manja mwaulemu n'kuti, "Apongozi, mwatitula katundu." Mayi ake sanakondwe kwenikweni, akufunabe kuti pakhale phwando loti anzawo a kumsika akaone, ndipo nkhani imeneyo sinathe. Kwathu nakonso kwavuta. Mlongo wanga, mayi wake wa mwanayo, akuti ndagulitsa mwana wake motchipa ndipo ndachititsa banja manyazi pamaso pa anthu a mtundu wina.

Awiriwa ayamba maphunziro a ukwati Loweruka masana, pamodzi ndi mabanja ena anayi a m'parishi amene akhala zaka ali pa benchi lomwelo. Ukwati udzakhala pa Misa ya m'mawa, onse pamodzi. Diresi abwereka kwa mnzake wa kuntchito, ndipo amayi a mphakati ati adzaphika nsima ndi nkhuku kunyumba. Mayina awo alengezedwa koyamba Lamulungu likubwerali. Mlongo wanga ndamuimbira kanayi sabata ino kuti tidzakhale limodzi pomva chilengezocho, ndipo foni sanayankhebe.